Masekondi Atatu

Jenereta ya pawailesi yathu imagona m'kachipinda ka kuseri.
Lachiwiri magetsi atathima ndinapita kukaidzutsa,
ndinaipeza ili ndi alendo:
mabelo asanu ndi awiri a zitenje,
nkhope ya a Chikwenga ikumwetulira pansalu iliyonse,
mano oyera kuposa mmene ndimawadziwira.

Pamwamba pa belo panali lisiti yopinda pawiri.
Siginecha ndinaizindikira ndisanayatse tochi bwinobwino,
M wa mchira wokhota ngati mbedza,
yemwe uja amafika mochedwa pamalipiro anga.
A Mpweya, eni wailesi,
omwe amatiuza kuti dizilo wakwera,
tipirire, mwezi wamawa.

Ine m'chikwama ndinali ndi nkhani.
Ndinatsika nayo pamatola kuchokera ku Namwera,
mapiri a Chowe akutizunguza mutu, fumbi lili m'mano.
Mlatho umene pamapepala unatha chaka chatha,
koma pamtsinje pali mitengo iwiri ya bulugamu
ndi chikwangwani chochita dzimbiri.
Abiti Saizi anandiuza m'Chiyao, osakweza mawu,
kuti anachilira pamchenga, tsidya lino la chipatala ayi,
tsidya linalo,
mwana n'kulira kamodzi kokha.
Kontirakitala ndi mlamu wawo wa a Chikwenga.

Mkonzi wathu Twaibu anaiwerenga chiimirire.
Sanakane. Twaibu sakana.
"Nkhani yabwino iyi, Sauda. Tiivundikire kaye, ipse."
Ngati ndi nthochi.
Idzapsa mavoti atawerengedwa.

Palibe amene watiopseza,
ndipo n'chimene chikundisowetsa tulo.
Akanabwera ndi zikwanje ndikanadziwa chokuwa.
A Mpweya amangodutsa Lolemba,
kufunsa za ana, kusiya ya fanta patebulo,
ndipo lilime limadziwa lokha pokhotera
ngati ng'ombe ya pangolo
imene mwini wake wagona.

Bambo anga ndi telala pakhonde la sitolo kwa M'baluku.
Kawailesi kawo n'komanga ndi mphira,
kamakhala pakati pa sizasi ndi choko.
Mkangano uliwonse wa pabawo amaudula ndi mawu amodzi:
"Anena pawailesi. Wanena ndi mwana wanga."
Sabata ino asoka malaya makumi atatu a nsalu ija,
a Chikwenga akudutsa pansi pa singano
diso, khutu, theka la chibwano,
ndipo bambo akuthokoza Mulungu kuti ntchito yapezeka.
Ndiwauze chiyani?
Mpunga tinadya Lachisanu pochokera kumzikiti uja
unatuluka m'mabelo omwewo.
Ndinawonjezera kachiwiri.

Usiku ndinawerengera pachala:
lendi ya ku Mpondasi, fizi ya Hawa,
ngongole ya kubanki m'khonde.
Ndinawerengeranso mitengo iwiri ya bulugamu.
Masamu anakana kutuluka.

Seveni koloko madzulo, nyali yofiira yayaka.
Nazi nkhani, wowerenga ndine Sauda Mdoka.
Chinamtindi cha anthu pamsonkhano wa a Chikwenga,
sindinatchule malole amene anawatuta
kapena mwini dizilo wake.
Chimanga chakwera pamsika waukulu.
Mbuzi zitatu zasowa kwa Chimwala,
imodzi ya banga pamphumi.

Ndiye pamene panayenera kukhala mlatho
ndinatseka pakamwa.

Imodzi.
Twaibu kuseri kwa galasi anadzutsa mutu.
Ziwiri.
Jenereta yokha ikuyankhula kuseri, pakati pa alendo ake.
Zitatu.
Kwinakwake ku Namwera munthu anamenya wailesi yake ndi chikhatho
poganiza kuti mabatire atha.

Si ukatswiri umenewo, ndikudziwa.
Chete sawolotsa munthu pamtsinje.
Pepala lija likadali m'chikwama,
lapindika m'makona, likununkha usipa wa pamatola,
ndipo sindinaganize kokalipereka.

Ndinameza malovu n'kupitiriza ndi zanyengo:
mvula yamphamvu kumapiri mawa ndi mkuja,
mitsinje idzadza,
oyenda pansi asamale.